Foni, kamera ya kaunjika kapena situdiyo? Kujambula mwana amene wayamba kunena kuti "ndekha"

Mwana wathu wamkazi wakwanitsa zaka 2 ndi miyezi 4, ndipo mawu amene akumveka kwambiri mnyumba muno masiku ano ndi amodzi basi, "ndekha!" Nthawi zina amati "ndega" chifukwa anzake onse apa layini yathu kuno ku Dzivarasekwa amayankhula Chishona nde iye amangosakaniza, koma tanthauzo lake ndi lomwelo, musandigwire ndipanga ndekha. Supuni ndekha, nsapato ndekha ngakhale yakumanja waivala kumanzere ndipo ukangoyesa kumukonzera kulira kwake kumamveka mpaka kwa aneba, kukwera pampando ndekha, kusamba m'manja ndekha madzi onse pansi.

Agogo ake ali ku Ntcheu ndipo anamuona kamodzi kokha ali wakhanda, nthawi imene tinapita pa basi kudzera ku Nyamapanda ndi Tete. Nde chimene chimawalumikiza ndi mdzukulu wawo ndi WhatsApp ya mchemwali wanga. Chaka chonse choyamba ndinkatumiza zithunzi za mtundu umodzi, mwana wasamba, wadzola, wavala diresi yabwino, wakhala pa sofa akuyang'ana foni. Tsiku lina mayi anga anatumiza voice akuti, "Kodi mwanayu samasewera? Amangokhala phee ngati chidole cha musitolo?" Ndinaseka koma zinandilowa. Ndinayang'ana mufoni monse, zithunzi mazanamazana, panalibe ngakhale chimodzi choonetsa mwana akupanga chinthu. Nkhope yokha yokha. Kuyambira pamenepo ndayesa njira zingapo, zina zandiyendera zina zangondidyera ndalama, nde ndati ndizilembe pano poti pagulu lathu la amayi a kutchalitchi funso la njira yabwino yojambulira ana ang'ono limabwera pafupipafupi.

Tiyambe ndi foni chifukwa ndi imene tonse tili nayo. Anthu amainyoza koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mwana wa msinkhu uwu sakudikira kuti upite kuchipinda ukatsegule chikwama. Tsiku limene wathuyu anayamba kudzithira yekha madzi mukapu kuchokera mujagi, zonse zinatenga mwina masekondi 10, ndinali ndi foni m'manja chifukwa ndinkayankha meseji, nde ndinajambula. Kukanakhala kuti ndimadalira kamera yaikulu bwenzi nditangotsala ndi nkhani yokamba.

Vuto la foni ndi limodzi lalikulu, zithunzi zosaoneka bwino mwana akamasuntha, manja ndi mutu kukhala ngati utsi. Ambiri amaganiza kuti foni yawo ndi yachabe koma nkhani ndi kuwala. Kamera iliyonse ikaona kuti kuli mdima imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo kuti kuwala kulowe kokwanira, ndipo pa nthawi imeneyo chilichonse chimene chasuntha chimapakika. Mnyumba zathu zino za mawindo ang'onoang'ono, kuphatikizapo makatani, kwa ife kumaoneka kowala koma kwa foni ndi usiku. Nde mankhwala ake si kugula foni ina, ndi kusamutsa mwanayo kapena kusamutsa zochita zakezo. Ine phala la m'mawa ndinalisamutsira pakhomo penipeni, chitseko chotsegula, iye kukhala pa mphasa nkhope kuloza panja, ine kukhala pasitepe kumbuyo kwanga kuli kuwala. Kusiyana kwake mungadabwe, foni yomweyo ya Tecno imene ndinkaidandaula inayamba kutulutsa zithunzi zoti phala likuoneka bwinobwino pachibwano.

Koma osamutulutsa padzuwa la masana ayi. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, dzuwa lake la 12 koloko ndi lakuthwa, maso a mwana amangolowa mumdima, pamphumi pokha kunyezimira, iyenso akutsinzina. Khungu lathu lakuda limatuluka bwino pamthunzi wowala, pakhonde, pansi pa mtengo wa mango kapena wa mapeyala, kapena madzulo cha m'ma 4 kupita 5 dzuwa litapendeka. Tsiku la mitambo ndi labwino kwambiri. Komanso gwirani pankhope ya mwana pa sikirini musanajambule, pamatuluka kachizindikiro kadzuwa kapena kamzere, mukakakweza pang'ono nkhope imawala. Mukapanda kutero foni imaona khoma loyera kapena t-sheti yoyera nkuganiza kuti kwawala kale, mwana nkutuluka bii.

Zina ziwiri zimene mafoni amatinyengerera nazo sizigwira kwa ana ang'ono. Night mode imafuna munthu aime osasuntha kwa masekondi angapo chifukwa foni ikujambula zithunzi zambiri nkuziphatikiza, nde tangoganizani kuuza mwana wa zaka 2 kuti usapume kkkk. Portrait mode nayo, ija imapangitsa kumbuyo kusaoneka, imasokonezeka ndi tsitsi lomangidwa timipira komanso ndi chinthu chimene mwana wagwira, supuni imadulidwa pakati, kapu kusowa theka. Ndipo kwa ine kumbuyoko ndikofunika, ndikufuna pazaka 20 zikubwerazi adzaone beseni limene ankasambira, mbaula, ndowa za madzi, kabati ya agogo ake a kuchimuna. Bwanji ndizifufute?

Chimene chimagwira ndi kujambula zambiri motsatizana, burst ija. Pa Samsung zambiri umakokera batani lojambulira pansi nkuligwira, pa iPhone zatsopanoko umalikokera kumanzere, mafoni ena umangolidinikiza osalisiya. Mwa zithunzi 20 chimodzi kapena ziwiri zimakhala zakuthwa, zotsalazo fufutani tsiku lomwelo osati mawa, apo ayi foni idzadza ndi zinyalala. iPhone ili ndi Live Photo imene imasunga sekondi imodzi ndi theka musanadinde komanso mutadinda, Samsung ili ndi yofanana nayo yotchedwa Motion photo, nde mukhoza kubwerera nkusankha pamene maso anali otsegula. Amene foni yanu ili ndi Pro mode, pezani chilembo S kapena mawu oti shutter, imeneyi ndi nthawi ija diso la kamera limakhala lotsegula, muike 1/250 ya sekondi mwana akamadya kapena kusewera atakhala, 1/500 akamathamanga. Chithunzi chikada kwezani ISO, nambala yoonjezera kuwala imene ili mu Pro mode momwemo, chidzakhala ndi timchenga pang'ono koma bola timchenga kusiyana ndi mwana wopanda manja. Ndipo pukutani kagalasi ka kamera abale, foni imene mwana amaoneramo makatuni imakhala ndi mafuta a chiponde paliponse, theka la zithunzi za chifunga zimene mumaona pa status ndi zala chabe.

China chimene ndinachedwa kuphunzira ndi kugwada. Tikaimirira nkujambula mwana timaona pamutu pake ndi pansi, mutu waukulu timiyendo tating'ono, chifukwa kamera ya foni ndi yotambalala imakulitsa chimene chili pafupi. Khalani pansi, chitenje chide palibe kanthu, foni ikhale pa msinkhu wa maso ake. Mukatero mpando umene akulimbana nawo kukwerawo umaoneka waukulu mmene iye amauonera, ndipo munthu woona chithunzicho amamvetsa kuti apa panali ntchito.

Koma foni ili ndi chilema china chimene sichikhudza magalasi, mwana amaidziwa. Akangoiona amasiya chimene amachita nkubwera, "ndione, ndione," kapena kuyamba kupanga timilomo tija amaonera azakhali ake. Mphindi ija yatha. Ine ndimaizimitsa phokoso, sindimuitana dzina, sindinena kuti seka, ndimakhala chapambali ngati ndikuwerenga meseji. Kuona maso a nkhono nkudekha, nthawi zina ndimakhala mphindi 10 iye akulimbana ndi batani limodzi la juzi, dzanja langa likuyabwa kufuna kumuthandiza, koma chithunzi chabwino chimabwera pamene batani lalowa iye nkudzutsa mutu kufunafuna woti amuyamikire.

Tsopano kamera yeniyeni. Alamu anga, achimwene awo a bambo a mwanayu, amajambula maukwati ndi zinkhoswe kumapeto kwa sabata ndipo anandibwereka Canon 600D yawo yakale kwa miyezi iwiri. Kamera imeneyi inatuluka mu 2011, ili ndi ma megapixel 18, ocheperapo kuposa nambala zimene amalemba pa mabokosi a mafoni masiku ano, koma musanamizidwe ndi nambala, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwake ndi kakakulu kwambiri kuposa ka foni nde chithunzi chimatuluka chonona, khungu likuoneka khungu osati pulasitiki. Ukadina imajambula pompo osaganizaganiza. Sikirini yake imatembenuka, nde ukhoza kuitsitsa mpaka pansi osagona chafufumimba. Batire lake limakhala masiku, zimene zili zofunika kuno poti magetsi amatha kupita m'mawa kubwera usiku anthu titagona. Ndipo chimene ndinakonda koposa, mwana analibe nayo chidwi, mulibe makatuni mmenemo, anaigwira tsiku loyamba nkuisiya.

Makamera otere a kaunjika amapezeka mtauni komanso pamagulu ogulitsirana a pa Facebook, Canon 600D, 1200D, Nikon D3100, D3200 ndi ena a msinkhu umenewo. Ngati mwatsimikiza kugula, pitani ndi munthu wodziwa, afunse kuti yajambula kangati chiigulireni chifukwa kachitseko ka mkati kamatha ngati matayala, aunike lenzi ndi tochi kuona ngati mulibe nkhungu, aonenso kuti chaja ndi batire zilipo. Za lenzi ndi pamene anthu amaluza ndalama. Aliyense adzakuuzani kuti gulani 50mm f/1.8, ndi yotchipa ndipo imalowetsa kuwala kwambiri, zoona, koma pa makamera awa imakokera zinthu pafupi, pa Canon imakhala ngati 80mm. Ife timachita lendi zipinda ziwiri, ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda wadiropu koma mufulemu munali mutu wa mwana ndi phewa basi, mbale ya nsima imene ankadya yekhayo osaoneka. Panja ndi yabwino zedi, mnyumba yaing'ono ayi. Ya mnyumba ndi 24mm f/2.8 kwa a Canon kapena 35mm f/1.8 kwa a Nikon. Ndipo a Nikon samalani, D3100 ndi D3200 zilibe injini yoyendetsa lenzi mkati, mukagula lenzi yakale yopanda zilembo AF-S muzichita kupotokola ndi dzanja kuti chithunzi chikhale chakuthwa, mwana ali kale kuseri kwa nyumba.

Nanga bwanji ndinaibweza osagula yanga? Kulemera ndi mantha. Mwana kumsana, chikwama cha matewera, ambulera, kenako kamera pakhosi ukukwera kombi pa Copacabana, aaa ayi. Ku Mbare Musika sindingaitulutse. Imathera mukabati, ndipo zinthu zimene ndimafuna kujambula zimachitika ndili ndi thovu m'manja. Kuonjezera apo kuti chithunzi chifike kwa agogo ake uyenera kuchotsa khadi, kupeza laputopu kapena kachingwe kolumikizira ku foni, nde zithunzi zimakhala mukhadi milungu. Kunena chilungamo zithunzi zisanu zokongola kwambiri zimene tili nazo zinachokera mu kamera imeneyo, koma pa miyezi iwiri ija ndinaigwira mwina masiku 9. Ngati ndinu munthu wokonda kujambula kale, kapena mukuganiza zodzapangirapo kaganyu, gulani simudzadandaula. Ngati mukungofuna kusunga kukula kwa mwana, ndalama imeneyo bola mutsukitsire zithunzi.

Situdiyo ndi ojambula a m'paki ndiwaike pamodzi ngakhale amasiyana. Amene mwakhalitsa mu Harare mukudziwa kuti pa Africa Unity Square ndi ku Harare Gardens sipasowa ojambula, ndipo mwezi wa October majakaranda akachita maluwa malo aja amakongola moti ngakhale wosadziwa kujambula amatulutsa chinthu. Apongozi anga, amene bambo awo anabwera kuno kuchokera ku Dedza nthawi ya Chitaganya kudzagwira ntchito m'mafamu, ali ndi chikwama cha zithunzi zotere, ana onse ataima nji manja m'mbali, nsapato zopolisha. Kwa iwo chithunzi ndi chimenecho, munthu uyenera kuoneka bwino, ndipo anandifunsa kuti ukujambuliranji mwana ali mbuu ndi dothi anthu aziti sitimusamala. Sindiwatsutsa kwenikweni. Chithunzi cha situdiyo chili ndi ntchito yake, ndi chimene chimapachikidwa pabalaza, ndi chimene tonse atatu timaonekamo limodzi, komanso umatuluka nacho chapepala m'manja kapena kukachitenga mawa lake.

Koma pa nkhani ya "ndekha" situdiyo siithandiza. Tinapita naye atakwanitsa zaka 2, diresi yatsopano yoyabwa, magetsi akuluakulu, bambo wachilendo akumuombera m'manja ndi kumuimbira mluzu, mwana anangouma kenako kulira, kumamatira siketi yanga. Chimene tinabwera nacho ndi chithunzi cha mwana wotupa maso atagwira baluni. Wojambulayo sanalakwe, ndi msinkhu wake, ana a zaka zimenezi amaopa anthu achilendo ndipo sachita zinthu polamulidwa. Mukafuna kupita sankhani m'mawa atadya komanso atagona bwino, mutengereni chidole chake, ndipo kamodzi pachaka ndi kokwanira. Njira yapakati imene ndinaona kwa mnzanga wa ku Mufakose ndi kuitana wojambula kunyumba, osati pa phwando la tsiku lobadwa ayi, tsiku wamba Loweruka, nkumuuza kuti musamuimike mwanayu ingomutsatirani. Ola loyamba mwana ankamuthawa, lachiwiri anamuiwala. Zinatuluka zabwino kwambiri ndipo mayi ake akuonekamo akuchapa, akupeta mpunga, mwana pambali akutsanzira ndi kambale kake. Imeneyi ndi yokwera mtengo kuposa situdiyo ndipo muyenera kugwirizana kaye kuti akupatsani zithunzi zonse zosachepetsedwa osati zisanu za pa WhatsApp, komanso kuti asaike mwana wanu pa tsamba lake lotsatsira malonda musanavomere.

Mfundo ya mayi kuonekamo ndiibwereze chifukwa imandipweteka. Amene amajambula saoneka. Mufoni mwanga mwana ali ndi bambo ake, ali ndi agogo ake a kuchimuna, ali ndi ana a aneba, ine mulibe, ngati mwanayu anadzilera yekha. Bambo ake ukawapatsa foni amajambula chimodzi, chopendama, ine nditatsegula pakamwa, nkubweza foni amvekere "ndajambula." Nde pano ndimatsamiritsa foni pa chitini cha shuga pawindo nkuyatsa vidiyo, kuiwala kuti ilipo.

Vidiyo ndiye mpikisano weniweni wa chithunzi pa msinkhu uwu. Ana ambiri amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 9 ndi 18, ndipo kuyenda kwa dzandidzandi kuja chithunzi sichingakugwire, ngakhalenso mawu, mmene amatchulira "madzi" kapena mmene amasakanizira "ndipatseni" ndi "ndipe." Zimenezi zimatha mwachangu osazindikira, mwezi wamawa akutchula bwinobwino ndipo sudzamvanso. Agogo ake vidiyo amaikonda kuposa chilichonse, akuti amaionera mpaka batire kutha. Kuipa kwake imadya malo mufoni ndi bandulo, kuno ndi kwa wolandira komwe, mchemwali wanga ku Ntcheu amachita kukwera pachulu kuti netiweki igwire. Nde ndimajambula zazifupi, masekondi 20 kapena 30, saizi ya vidiyo nditaika pa 1080p osati yaikulu ija ya 4K, foni yogoneka chammbali. Ena amati ingojambula vidiyo uzichotsamo zithunzi, zimatheka, fulemu imodzi ya 1080p ili ndi ma megapixel 2 okha, pa sikirini ya foni imaoneka bwino ndipo kachithunzi kakang'ono kapepala kamatuluka movutikira, koma yokulitsa yapakhoma iwalani. Ya 4K ili ndi ma megapixel 8, bola, koma malo ake ndi amene aja.

Kamera ya Instax ya Fujifilm, ija imalavula chithunzi pompopompo, ndinaiona paphwando. Kachithunzi kake ndi kofanana ndi khadi ya ku banki, paketi imodzi muli 10, ana amasangalala kuona nkhope ikutuluka pang'onopang'ono papepala loyera. Koma kudina kulikonse ndi ndalama ndipo mwana akasuntha waluza. Ya pa chisangalalo basi.

Kumupatsa mwanayo foni kuti ajambule yekha, poti zonse ndi ndekha? Ndinayesa ndi ka Itel kakale kosweka sikirini. Zithunzi 60 za chala chake, denga, mapazi a bambo ake, mchira wa galu wa landilodi. Zitatu ndinasunga, chimodzi ndi ine ndikuphika kuchokera pansi, ndikuoneka ngati chimphona chagwira mthiko. Mmene amandionera ndi mmenemo eti.

Tsopano nkhani imene ambiri timaigonera, kusunga. Foni yanga yoyamba inapita mu kombi mwana ali ndi miyezi 11, ndinazindikira nditatsika kuti zipi ya chikwama ndi yotsegula. Zithunzi zonse za kuchipatala, za tsiku loyamba kukhala pansi, kukwawa, zinapita. Zimene ndinapeza ndi zokhazo ndinatumizira anthu pa WhatsApp, ndinachita kupemphetsa kwa abale mmodzimmodzi, ndipo zinabwera zofinyidwa chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chiyende msanga, nde chikazungulira kwa anthu atatu chimafika chotopa. Kuyambira 2023 anaikamo kabatani ka HD, kamathandiza koma kamachepetsabe pang'ono. Mukafuna chipite chathunthu tumizani ngati Document. Koma dziwani kuti chikapita ngati Document chimanyamula zonse zobisika mkati mwake, tsiku, mtundu wa foni, ngakhale malo enieni amene munajambulira ngati location ya kamera ndi yoyatsa, nde imeneyo ndi ya achibale okhulupirika okha, kapena zimitsani location mu kamera.

Google Photos, ija imasunga zithunzi pa intaneti, ndi imene ikanandipulumutsa. Amapereka 15GB yaulere koma imagawana ndi Gmail ndi Drive, ndipo zija zosunga mopanda malire zinatha mu June 2021, nde mukamaponyamo mavidiyo onse idzadza chaka chisanathe. A iPhone iCloud yaulere ndi 5GB yokha. Ine ndinaitchera kuti izikweza pa Wi-Fi pokha, ndikapita kuntchito imadzipangira, ndipo pasiwedi ndinailemba kuseri kwa khadi la kusikelo la mwana chifukwa limenelo sindingalitaye. Ambiri akaunti ya Google anawatsegulira ndi mnyamata wogulitsa foni ndipo sadziwa ngakhale imelo yawo, foni ikatayika zithunzi zili kumwambako koma kiyi palibe. Memori khadi ndi flashi ndi zabwino ngati malo achiwiri, osati okhawo. Khadi ili mufoni imabedwa limodzi ndi foniyo, ndipo zija zotchipa za mumsewu zolembedwa 128GB zina ndi zabodza, ndinagulapo imodzi, imaonetsa ngati ikusunga koma ukadzatsegula mafayilo ndi opanda kanthu.

Pa zonsezi chimene ndimakhulupirira kwambiri ndi pepala, apa apongozi anga anawina. Zithunzi zawo za m'ma 1980 zilipo mpaka lero, zanga za chaka chatha zinapita ndi kombi. Miyezi itatu iliyonse ndimasankha 15 kapena 20 nkukatsukitsa mtauni, saizi wamba ija ya 10 ndi 15 sentimita. Pitani ndi chithunzi chenicheni chochokera mu gallery pa chingwe kapena flashi, osati chimene chadutsa pa WhatsApp. Chenjerani ndi kudula, foni imajambula 4:3 pamene pepala lija ndi 3:2, nde makina amadula m'mphepete mwa mbali zazitali, ngati dzanja la mwana kapena kapu inali kumapeto kwenikweni ipita. Siyani kampata pojambula, kapena auzeni asadule asiye mizere yoyera. Kuseri ndimalemba mwezi, chaka ndi chimene ankachita, ndi pensulo kapena cholembera chosalowerera. Ndimatsukitsa ziwiriziwiri, zina zimapita ku Malawi ndi aliyense wodziwika amene wakwera basi ya ku Blantyre, mayi anga alibe foni ya intaneti yawoyawo koma envelopu ija amaisunga mu Baibulo ndipo aliyense wobwera pakhomo amaonetsedwa kaya akufuna kaya sakufuna.

Za status ndi Facebook aliyense ali ndi maganizo ake, anga ndi awa. Kudziimira kwa mwana kwambiri kumachitikira malo oti si a gulu, pa poti, mubeseni, povala. Zimenezo ndimajambula kuchokera m'mapewa kupita m'mwamba kapena chakumbuyo atavala, ndipo za maliseche sindijambula nkomwe ngakhale kwathu timaziona ngati zachibwana, foni imabwerekedwa, imakonzetsedwa, imabedwa. Chithunzi choonetsa geti lathu, nambala ya nyumba kapena yunifolomu ya kukreshi sichipita pa status. Akulira kapena wadzionongera sindiika, adzakula ameneyu adzandifunsa. Ndipo ana a eni ake amene amasewera naye ndimayamba ndafunsa amayi awo, ena safuna, ena ndi zachipembedzo, ena ali ndi zifukwa zawo zimene sakuyenera kundifotokozera.

Nde mukandifunsa kuti pa zonsezi nditenge iti, ine ndinakhazikika pa foni ya tsiku ndi tsiku pakhomo pali kuwala, tividiyo tatifupi Lamlungu, situdiyo kamodzi pachaka kuti apongozi asangalale, ndi kutsukitsa. Kamera ya alamu ndimabwereka pa Khirisimasi. Ndikadzapeza ndalama yapadera ndidzaitana wojambula uja wa tsiku wamba asanakwanitse zaka 3.

Dzulo madzulo anatenga tsache lalikulu, lalitali kuposa iyeyo, akuti asese pakhonde. Ndinati bwera ndikuthandize, anandiyang'ana moipidwa, "ndega mhamha, ndekha!" Ndinakhala pasitepe foni pabondo osayankhula. Zinyalala zonse anazisesera mnyumba. Mwa zithunzi 14 chakuthwa ndi chimodzi, lilime lili panja, tsache lapingasa, phazi limodzi lopanda nsapato. Ndatumiza ku Ntcheu m'mawa uno, voice yabwera ya mphindi 3, theka lake ndi kuseka, kenako akuti muuzeni kuti mwana wamkazi amasesa chowerama.